Bizinesi yanga ndi ya maluwa ndi kapinga, nanga za ukapolo zikundikhudza pati?

*"Zikomo alangizi. Ndimakhala ku England ndipo ndili ndi kabizinesi kosamalira panja pa nyumba za anthu: kutchetcha kapinga, kudzala maluwa, kudulira mitengo, nthawi zina kumanga mipanda ndi kuyala miyala. Ndili ndi antchito anayi, koma ntchito ikachuluka m'nyengo yotentha ndimaitana aganyu kudzera mwa bambo ena amene amabwera ndi anyamata awo. Tsopano kampani ina yaikulu yoyang'anira nyumba zalendi ikufuna kundipatsa kontrakiti, koma yati ndiyambe ndapereka chikalata chosonyeza zimene ndikuchita poletsa ukapolo wamakono pa bizinesi yanga ndi kumene ndimagula katundu. Mawu akuti ukapolo andipweteka mtima, chifukwa ine sindinazunzepo munthu. Mnzanga wati ndingokopera chikalata cha kampani ina pa intaneti n'kusintha dzina. Kodi nditero?" — Mayi wa ku England*

Mayi, choyamba mtima ukhale m'malo. Kampaniyo siikukuganizirani choipa chilichonse. Pempho ngati limeneli amakumana nalo anthu ambiri amene akufuna ntchito ku makampani aakulu kapena ku makhonsolo a ku UK masiku ano, ndipo gwero lake ndi lamulo la Modern Slavery Act la 2015. Gawo 54 la lamuloli limati kampani yochita malonda ku UK imene ndalama zake zolowa pachaka zimafika £36 miliyoni izitulutsa chikalata chaka ndi chaka, chofotokoza zimene yachita kuti ukapolo usapezeke m'ntchito zake ndiponso kwa amene amaigulitsa katundu kapena kuigwirira ntchito. Akuluakulu a kampani amachivomereza, mmodzi wa iwo amasaina, kenako chimaikidwa poyera. Inu ndi antchito anu anayi muli kutali ndi malire amenewo, choncho lamulo silikukukakamizani kulemba kanthu. Koma kampani yoyang'anira nyumbayo ikakupatsani kontrakiti, mukhala mmodzi wa amene amaigwirira ntchito, ndiye singafotokoze za iyo yokha popanda kufunsa za inu.

Za kukopera, ayi, musatero. Pa ntchito yanga yoyendera malo a ntchito ndi kuunika ogulitsa katundu ndawerenga zikalata zotere zambirimbiri, ndipo chokopera sichibisika. Mumapeza bizinesi ya anthu asanu ikukamba za dipatimenti yake yogula katundu, za maphunziro a antchito a chaka ndi chaka, za oyendera amene imatumiza ku mafakitale a kunja. Wowerenga wozindikira amangochiika pambali. Ndipo manyazi ndi nkhani yochepa. Mukasainira mawu akuti mumayendera onse amene mumagulako katundu, chonsecho simunayenderepo ndi mmodzi yemwe, mwalowetsa bodza mu kontrakiti, ndipo tsiku limene china chake chidzavute adzakutulutsirani pepala lomwelo. Lembani tsamba limodzi lokha, koma chilichonse cholembedwapo chikhale chinthu chimene mumachitadi kapena mungayambe kuchita mwezi uno.

Ndikumvetsa chifukwa chake mawu akuti ukapolo akupwetekani. Tikawamva timaganiza za maunyolo ndi misika ya anthu, pamene ukapolo wa masiku ano kawirikawiri suoneka ndi maso. Bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO linafotokoza kale mu 1930 kuti ntchito yokakamiza ndi ntchito iliyonse imene munthu akuigwira poopa chilango, asanadzipereke mwa kufuna kwake. Chilangocho nthawi zina ndi kumenyedwa, koma nthawi zambiri ndi zina: ngongole yosatha, pasipoti imene ili m'thumba la munthu wina, malipiro osungidwa "mpaka ntchito ithe", kuopsezedwa kuti akakunenera kwa a imigireshoni, kapena kuti abale ako kwanu aona zakuda. Mu 2022 ILO pamodzi ndi mabungwe a Walk Free ndi IOM anatulutsa chiwerengero chakuti anthu pafupifupi 50 miliyoni anali mu ukapolo wamakono mu 2021, ndipo 27.6 miliyoni mwa iwo anali pa ntchito yokakamiza. Ku UK komweko, anthu oposa 19,000 anatumizidwa mu 2024 ku ndondomeko ya boma yothandiza oganiziridwa kuti agwidwa ukapolo, ndipo powerengera dziko ndi dziko, mbadwa za UK zinali zambiri kuposa za dziko lina lililonse. Si bwana aliyense wouma mtima amene akusunga akapolo. Ine ndikafuna kusiyanitsa ntchito yoipa ndi ukapolo ndimadzifunsa mafunso awiri: kodi munthuyu atafuna kusiya ntchito lero angachoke popanda mantha? Nanga ndalama imene wakhetsera thukuta ikufika m'manja mwake?

Tsopano tibwere pa mawu a m'kalata yanu amene andiimitsa: bambo amene amabwera ndi anyamata awo. Sindikunena kuti bambowo ndi oipa. Ambiri ogwira ntchito mwanjira imeneyi ndi anthu achilungamo amene amalipira anzawo bwino. Koma ngati pali khomo limene ukapolo ungalowere m'bizinesi yanu, khomolo ndi limeneli, ndipo lili pafupi kwambiri kuposa India kapena China. Kodi mayina a anyamatawo mumawadziwa? Ndalama mumapatsa ndani? Kodi munaonapo ndi maso anu kuti zimagawidwa bwanji? Ngati yankho ndi lakuti mumapereka zonse kwa bambowo n'kutembenuka, ndiye kuti pali anthu amene amagwira ntchito m'dzina la bizinesi yanu, pa makomo a makasitomala anu, koma simudziwa ngati amalipidwa.

Izi zachitikapo pa ntchito yoyandikana kwambiri ndi yanu. Mu 2017 makhoti anapeza olakwa anthu 11 a gulu la banja la Rooney ku Lincolnshire, dera la ku England komweko, pa milandu ya ukapolo ndi chinyengo. Bizinesi yawo inali yoyala tara ndi miyala pa makomo a anthu. Ankatola amuna osowa pokhala, ena zidakwa, ena osaganiza bwino, n'kuwalonjeza ntchito, chakudya ndi pogona, kenako n'kuwagoneka m'makalavani owonongeka opanda madzi ndi chimbudzi. Amuna 18 anapezeka kuti anazunzidwa motero, ndipo mmodzi anakhala m'manja mwawo zaka 26. Zaka zonsezo ankagwira ntchito masana, poyera, pa nyumba za anthu wamba amene ankalipira n'kuthokoza.

Mlandu wina umene ndimafuna kuti aliyense wolemba aganyu aziudziwa ndi umene apolisi anautcha Operation Fort, umene unaweruzidwa mu 2019 ku West Midlands, ku England. Gulu la anthu a ku Poland linkanyengerera anzawo osauka kwawoko, osowa pokhala ndi otuluka kumene kundende, kuti abwere ku UK. Apolisi amakhulupirira kuti ozunzidwa anali pafupifupi 400. Akafika ankawatsegulitsa maakaunti a kubanki m'mayina awoawo, koma makhadi ankasunga ndi a gululo. Ntchito ankawapezera kudzera m'makampani ovomerezeka opezera anthu ntchito, m'minda, m'malo osankhira zinyalala ndi m'mafakitale. Olemba ntchitowo ankalipira malipiro athunthu, mabuku awo anali bwinobwino, koma wogwira ntchito ankangopatsidwa nyenyeswa. Gululo linapeza ndalama zoposa £2 miliyoni. Chimene mlanduwu umatisonyeza n'chakuti kulipira mokwanira pakokha sikukwanira ngati simudziwa amene akutapa ndalamazo kubanki.

Chida choyamba chimene muli nacho ndi masamu wamba. Mu April 2025 malipiro ochepetsetsa a munthu wa zaka 21 kapena kuposerapo anaikidwa pa £12.21 pa ola, ndipo amasinthidwa April aliyense, choncho onani a chaka chimene muli. Tiyerekeze kuti munthu wakubweretserani anyamata atatu, agwira maola asanu ndi atatu, iye n'kukutchulirani £200 pa onse. Maola 24 pa £12.21 ndi £293, tisanawerengere mafuta a vani, inshulansi, ndalama za tchuthi ndi phindu la mwini wake. Ngati mtengo wake uli pansi pa £293, pali wina amene akulipira kusiyanako, ndipo kawirikawiri ndi mnyamata amene wagwira fosholo. Mtengo wotsika modabwitsa musamausekerere, muziufunsa.

Chida chachiwiri ndi maso anu. Ine ndikapita pa malo a ntchito ndimakonda kufika nthawi ya nkhomaliro, chifukwa ndi pamene zambiri zimaonekera. Ndani wabwera ndi chakudya, ndani wangokhala pambali opanda kanthu? Ndani wavala majombo, ndani akuponda matope a December ndi nsapato zong'ambika? Mukafunsa mmodzi dzina, kodi amayankha yekha kapena wina amamuyankhira? Kodi amadziwa adiresi ya kumene amagona? Pa nazale ina ndinafunsa mnyamata wina kuti amalandira zingati pa ola. Anandiyankha mosajejema, ndendende malipiro a boma. Nditamufunsa kuti khadi lake la kubanki lili kuti, sanayankhe, anangotembenuka n'kuyang'ana dalaivala wa vani amene anali atatsamira pa geti. Pa mapepala nazonso zimaoneka: mayina atatu koma nambala ya akaunti imodzi, anthu asanu ndi mmodzi pa adiresi imodzi ndi foni imodzi. Chizindikiro chimodzi pachokha si umboni, pakuti pachibale anthu amakhala nyumba imodzi, ndipo wina amangokhala wamanyazi kapena sadziwa Chingerezi. Koma zikakumana zitatu kapena zinayi, musazinyalanyaze.

Ndiye ndi bambo aja muchite chiyani? Khalani nawo pansi mwaulemu, muwauze zoona, kuti kampani imene ikukupatsani ntchito ikufuna zinthu zolembedwa. Pakhale pangano la papepala, ngakhale lalifupi. Mudziwe dzina la aliyense amene akubwera tsiku limenelo, ndipo asabwere wachilendo inu musanauzidwe. Muwapemphe umboni woti aliyense amalipidwa mu akaunti yakeyake, ndipo nthawi ndi nthawi muzicheza ndi anyamatawo mmodzimmodzi, bambowo palibe. Munthu wachilungamo angang'ung'udze za kuchuluka kwa mapepala, koma pomaliza amavomera. Amene amapsa mtima mukangofuna kulankhula ndi anyamata ake paokha, wakupatsani chifukwa chodera nkhawa. Ndipo ngati ntchito ya nyengo yotentha imabwera chaka chilichonse, ganizirani zolemba nokha aganyu awiri kwa miyezi imeneyo. Mapepala amachuluka pang'ono, koma ndalama imachoka m'manja mwanu kupita kwa mwini thukuta popanda dobadoba pakati.

Pali mbali ina imene ndikufuna ndiikambe mosapita m'mbali, chifukwa anthu a mtima wabwino ndi amene amagwamo. Ndaonapo eni mabizinesi ang'onoang'ono akuthandiza wachibale kapena mnzawo wa kutchalitchi: kumulipirira ndege, kumupatsa chipinda, kumusungira pasipoti "kuti ingatayike", kenako n'kumadula ngongoleyo ku malipiro popanda cholembedwa chilichonse. Mwini bizinesi amaona kuti akuchita chifundo. Koma taganizirani za wothandizidwayo: ntchito, pogona, ngongole ndi mapepala ake zonse zili m'manja mwa munthu mmodzi, ndipo sadziwa kuti ngongoleyo itha liti. Kodi angakane kugwira Lamlungu? Pa antchito anu anayi, lamulo limafuna kuti muone ngati ali ndi chilolezo chogwira ntchito ku UK. Onani, jambulani chimene chikufunika, ndipo pasipoti ibwerere kwa mwini wake pomwepo. Mukabwereketsa wantchito ndalama, lembani kuchuluka kwake, zodula mwezi uliwonse ndi tsiku lomaliza, iye asaine n'kutenga kope lake, chifukwa lamulo la ku UK sililola kudula malipiro a munthu mwachisawawa popanda chilolezo chake cholembedwa. Mukamupatsa nyumba, dziwani kuti boma linaika malire a ndalama za nyumba zimene mungaziwerengere ku malipiro ochepetsetsa, ndipo muuzeni kuti akasiya ntchito adzapatsidwa nthawi yokwanira yosamukira. Aliyense azilandira kapepala kosonyeza maola, malipiro ndi zodulidwa.

Tipite ku katundu. Apa anthu ambiri amagwa ulesi, amati ine ndingadziwe bwanji zimene zikuchitika kutsidya la nyanja. Zoonadi simungapite kukayendera migodi, ndipo palibe amene akuyembekezera zimenezo kwa bizinesi ya anthu asanu. Koma mungadziwe katundu amene ali ndi mbiri yoipa, n'kufunsa mafunso oyenera kwa amene amakugulitsani. Akuluakulu anati safunsa adadya phula.

Pa zonse zimene mumagula, miyala yoyala pansi ndi imene ndingayambire. Miyala yambiri yamchenga imene imakongoletsa mabwalo a nyumba ku UK imachokera ku Rajasthan, dziko la India, makamaka madera a Kota ndi Bundi. Mudzi wa Budhpura m'boma la Bundi umadziwika ndi timiyala ta makona anayi timene timayalidwa m'tinjira. Timiyalati timasemedwa pamanja ndi hamala ndi tchizulo, pa milu ya zotsalira za kumgodi ndi m'makomo, ndipo osemawo ambiri ndi amayi, nthawi zina ndi ana awo, olipidwa potengera kuchuluka kwa timiyala. Kumigodi, wantchito amatenga ndalama za patsogolo kwa mwini mgodi kuti alipirire matenda, ukwati kapena maliro, ndipo kuyambira pamenepo sangachoke mpaka atabweza. Fumbi la mwalawo limayambitsa matenda a m'mapapo a silicosis, amene alibe mankhwala ochiza, ndipo bambo akamwalira ngongole imatha kugwera mkazi ndi ana. India analetsa ukapolo wa ngongole mu 1976, koma m'migodi yaing'ono yosayang'aniridwa mchitidwewu sunathe. Vuto lake, miyala ya m'migodi yambiri imasakanizidwa pa malo odulira isanakwezedwe m'sitima, kotero wogulitsa amene sanachitepo khama sadziwa kumene mwala wake unakumbidwa.

Funsani wokugulitsani kuti: miyalayi inakumbidwa kuti, inadulidwira kuti, ndipo inu kapena amene amakuitanitsirani anapitako liti? Ena mwa oitanitsa miyala ku UK ali m'bungwe la Ethical Trading Initiative, limene linakhazikitsidwa mu 1998 ndipo lili ndi mfundo zoletsa ntchito yokakamiza ndi ya ana. Kukhala membala si chitsimikizo chakuti zonse zili bwino, koma kumasonyeza kuti kampaniyo inavomera kufunsidwa. Palinso miyala yakale yogwetsedwa m'nyumba zina, miyala yokumbidwa ku UK komweko, ndi masilabu a simenti. Komabe ine sindilangiza kuti muthawiretu miyala ya ku India, chifukwa mabanja ambiri kumeneko amadya za mwala womwewo, ndipo wogula wosamala akachoka amatsala ndi wogula wosafunsa kanthu. Gulani kwa amene angakutchulireni mgodi. Kasitomala akabwera ndi miyala yotchipa imene waipeza yekha pa intaneti kuti inu mungoyala, muuzeni mwachidule zimene mukudziwa. Ena amasintha maganizo, ena ayi, koma mwanena.

Chachiwiri ndi mbande ndi maluwa. Ntchito ya m'nazale ndi ya nyengo, imafuna manja ambiri kwa milungu yochepa, ndipo manja amenewo kawirikawiri amabwera kudzera mwa opereka antchito. Mu February 2004 anthu a ku China osachepera 21 anamira pa gombe la Morecambe Bay ku England akutola nkhono za m'nyanja pansi pa kapitawo wowapezera ntchito, ndipo chaka chomwecho boma linakhazikitsa lamulo lakuti wopereka antchito ku ulimi, ku minda ya masamba ndi maluwa, kotola nkhono ndi kolongedza zokolola akhale ndi chiphaso. Bungwe limene linapatsidwa ntchito yopereka ziphasozi linayamba monga Gangmasters Licensing Authority, ndipo mu 2017 linapatsidwa mphamvu zambiri n'kutchedwa GLAA. Kugwiritsa ntchito wopereka antchito wopanda chiphaso m'magawo amenewa ndi mlandu, ndipo mndandanda wa amene ali ndi ziphaso uli poyera. Choncho funso kwa a nazale ndi losavuta: antchito anu a nyengo amabwera kudzera mwa ndani, ndipo chiphaso chake ndi nambala yanji? Koma chiphaso sichiona zonse. Viza ya antchito a nyengo inayamba mu 2019, ndipo mu 2022 zinamveka kuti ena ochokera ku Nepal ndi Indonesia anafika m'minda ya ku UK ali kale ndi ngongole za mapaundi masauzande, zimene analipira madobadoba kwawo kuti apeze malo. Munthu wotero amapirira chilichonse, chifukwa akabwezedwa msanga ataya munda kapena nyumba imene anaikira chikole. N'chifukwa chake mfundo imene ndimailimbikira pena paliponse ndi yakuti ndalama zopezera munthu ntchito azilipira wolemba ntchito, osati wofuna ntchito. Kanthu kena kothandiza: kachizindikiro ka plant passport kamene kamabwera ndi mbande kanapangidwira kulondoloza matenda a zomera, koma kamasonyezanso dziko limene chomeracho chachokera. Muzikasunga.

Zinazo ndingozidutsa mwachangu. Matabwa a mipanda, sankhani a chizindikiro cha FSC, cha bungwe loona za kasamalidwe ka nkhalango, chimene kuyambira 2021 chinaphatikiza mfundo zoletsa ntchito yokakamiza ndi ya ana kwa makampani okonza ndi kugulitsa matabwa. Nyale za sola za m'tinjira zili ndi vuto lovuta kulilondoloza: ofufuza a pa Sheffield Hallam University anasonyeza mu 2021 kuti pafupifupi 45 peresenti ya polysilicon ya dziko lonse, chinthu chachikulu chopangira sola, inkachokera ku Xinjiang, dera la ku China, kumene kuli umboni wa ntchito yokakamiza pakati pa anthu a mtundu wa Uyghur. Magolovesi a labala nawonso ali ndi mbiri yake, moti mu 2020 dziko la America linaletsa kwa kanthawi a kampani ya Top Glove ya ku Malaysia chifukwa cha ngongole zimene antchito obwera anasenzetsedwa. Pa zinthu ngati izi mphamvu yanu ndi yochepa. Gulani kwa wogulitsa wodziwika amene amatulutsa chikalata chake, ndipo m'chikalata chanu musaname kuti munafika kufakitale.

Musayese kulembera aliyense amene munagulako msomali. Tengani malisiti a chaka chatha, muone asanu amene analandira ndalama zambiri, muonjezepo aliyense wokugulitsani miyala ndi aliyense wokupatsani anthu. Alembereni kalata yaifupi ya mafunso atatu kapena anayi, ndipo musunge mayankho m'faelo imodzi. Powerenga mayankhowo, amene akuti "kwathu kulibe vuto lililonse" ine sandisangalatsa. Ndimakhulupirira kwambiri amene akuti "tinapeza vuto lakutilakuti pa malo akutiakuti, ndipo tinachita zakutizakuti", chifukwa ameneyo ndiye kuti anayang'anadi. Mudziyang'anenso nokha monga wogula. Mukamachedwetsa malipiro a kontrakitala wamng'ono miyezi iwiri, kapena kumuimbira usiku kuti mawa m'mawa abwere ndi anthu asanu ndi mmodzi, mukumukankhira kokatola aliyense amene wamupeza ndi kumulipira mochedwa.

Nanga tsiku lina mutaona zinthu zokukayikitsani? Apa ndi pamene mtima wachifundo umatha kuononga zinthu. Musamufunse kapitawo pamaso pa anyamata, chifukwa usiku umenewo amene alangidwe ndi iwowo, kapena asamutsidwa n'kusowa. Musangothetsa ntchito mwakachetechete n'kuiwala, chifukwa mwadziteteza nokha koma iwo atsala momwemo. Musamutengere munthu kwanu mwa inu nokha, ndipo musalembe pa Facebook. Lembani mwachinsinsi zimene mwaona: tsiku, malo, nambala ya galimoto, mawu amene ananenedwa. Kenako imbani foni ku Modern Slavery and Exploitation Helpline, imene imayendetsedwa ndi bungwe la Unseen, pa 08000 121 700. Simufunika kukhala ndi umboni wokwanira, ndipo mungathe kulankhula osatchula dzina lanu. Ngati moyo wa munthu uli pangozi nthawi yomweyo, imbani apolisi pa 999, ndipo pa nkhani zosafulumira nambala yawo ndi 101. Wozunzidwa angathandizidwe kudzera mu ndondomeko ya boma ija, yotchedwa National Referral Mechanism, kumene amatumizidwa ndi apolisi, khonsolo kapena mabungwe ena ovomerezeka monga Salvation Army, ndipo munthu wamkulu amayenera kuvomera yekha. Ngati nkhani yake ndi ya malipiro operewera chabe, popanda kuopseza, a Acas, bungwe lolangiza pa nkhani za olemba ntchito ndi antchito, amapereka uphungu waulere.

Tsopano chikalata chija. Yambani ndi kunena kuti ndinu ndani, mumagwira ntchito yanji, muli anthu angati, ndiponso kuti lamulo silikukukakamizani koma mwasankha kulemba. Tchulani mosabisa malo amene mukuona kuti ngozi ingakhalepo: aganyu obwera kudzera mwa ena, miyala, mbande. Kenako lembani zimene mumachita, ndi mawu anuanu: kuti aliyense amalipidwa mu akaunti yake, kuti simusunga pasipoti ya munthu, kuti palibe amene amalipira kuti apeze ntchito kwa inu, kuti kontrakitala aliyense amasaina pangano, kuti munalembera ogulitsa anu akuluakulu mwezi wakutiwakuti. Amene sanayankhe, nenani kuti sanayankhe ndipo muwafunsanso liti. Onjezani nambala ya foni ija ndi dzina la amene wantchito angamuuze nkhawa zake. Muwerenge tsambalo pamodzi ndi antchito anu, m'chilankhulo chimene aliyense akumva, ndipo nambalayo muimate m'vani. Ngati mukufuna zophunzitsira, bungwe la Stronger Together lili ndi zithunzi ndi mapepala aulere m'zilankhulo zingapo. Ikani tsiku, sainani, ndipo chaka chamawa mudzalionenso.

Kontrakiti ikabwera, muiwerenge modekha pa ndime ya ukapoloyi. Zina zimangofuna kuti mutsatire malamulo ndi kunena msanga mukaona vuto, ndipo zimenezo mungasaine. Koma zina zimafuna kuti mulumbire kuti mulibe ukapolo paliponse pamene katundu wanu wadutsa, mpaka kumgodi, ndiponso kuti mudzalipira zonse zimene kampaniyo ingataye vuto likapezeka. Lonjezo limenelo ngakhale kampani yaikulu singalikwaniritse. Mukaona mawu otero musasaine musanaonane ndi loya wodziwa za makontrakiti, ndipo pemphani kuti asinthidwe kuti anene zimene mudzachita, ndi nthawi imene mudzawadziwitse mukapeza vuto.